Kodi kapu ya phala la kusukulu imamukwanira mwana?

Mayi wina wa ku Mulanje, yemwe ali m'komiti ya sukulu ya pulayimale ya kwawo, wanditumizira funso pa imelo. Akuti makolo ena aleka kusungira ana awo nkhomaliro ponena kuti adya kale kusukulu, ndiye akufuna kudziwa ngati phalalo lili ndi zonse zimene thupi la mwana limafuna pa tsiku.

Mayi, silikwanira, ngakhale kuti phalali ndi chakudya chabwino ndithu. Ufa wake ndi wa chimanga chosakaniza ndi soya, ndipo kufakitale amathiramo mavitamini ndi ayironi. Ambiri timaudziwa ndi dzina lakuti Likuni Phala, lomwe linachokera ku Likuni, ku Lilongwe. Bungwe la Mary's Meals, lomwe Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland analiyambitsa atafika kuno m'chaka cha njala cha 2002, linayamba ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero limadyetsa ana opitirira miliyoni imodzi m'Malawi muno. Nalo bungwe la WFP, loona za chakudya padziko lonse, lakhala likugawa chakudya m'sukulu kuyambira 1999.

Komabe ntchito ya phalali ndi yothetsa njala ya m'mawa, kuti mwana amene wayenda mtunda wautali m'mimba muli pululu asawodzere m'kalasi kapena kuthawa maphunziro dzuwa lisanakwere, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. Mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, phalali limaimira kwenikweni awiri okha, la zokhutitsa ndi la zanyemba. Ndiwo zamasamba, zipatso ndi zanyama monga mazira kapena usipa ziyenera kuchokera kunyumba. Kumbukiraninso kuti Loweruka, Lamlungu ndi nthawi ya tchuthi mphika wa kusukulu sukhala pamoto. Choncho banja likachotsa nkhomaliro chifukwa cha phala, mwanayo sanapindule kanthu, wangosinthanitsa mbale yodzaza ndi kapu imodzi, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni ndikaganizira amayi amene amalawirira mbandakucha ndi nkhuni pamutu kukaphika popanda malipiro.

Sindikudzudzula makolo amene m'nyumba mwawo mulibiretu ufa, chifukwa kwa iwo phalali ndi limene lagwiriziza moyo wa mwana. Ndikunena za amene ali nacho chakudya koma sanamvetse cholinga chake.

Pa msonkhano wotsatira wa makolo ndi aphunzitsi, itanani amfumu komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti afotokoze nkhaniyi pamaso pa onse. Ngati sukulu ili ndi kamalo, pemphani kuti komiti ilimepo nkhwani, bonongwe ndi mbatata yofiira mkati, yomwe ili ndi vitamini A wambiri, ndipo m'mbali mwake mubzalemo mapapaya, amene sachedwa kubereka.