Kusaka mapepala a kafukufuku wa BP ndi shuga pa PubMed ndi CINAHL

Achemwali, mwati mutu wanu ndi wofuna kudziwa chifukwa chimene odwala matenda a mgonagona amasiyira kumwa mankhwala, ndipo mukalemba mutu wonsewo pa PubMed, database ya mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, pamabwera mapepala awiri okha, koma mukachotsa mawu ena amabwera masauzande. Vuto si lakuti kafukufuku kulibe. PubMed simawerenga chiganizo ngati munthu. Mukaipatsa mawu khumi imafuna pepala lokhala ndi mawu onse khumiwo, ndiye ambiri amagwera panja.

Tengani pepala ndi cholembera, intaneti ikhale yozima kaye kuti bando isathe pachabe. Gawani mutuwo m'zigawo zitatu: matendawo, nkhani ya kumwa mankhwala, ndi malo. Zitatu zakwana. Mukawonjezera chachinayi, monga "factors" kapena "challenges", mwadzitsekera nokha, chifukwa olemba ambiri sagwiritsa ntchito mawu amenewo ngakhale akukamba zomwezo.

Pomwe anthu ambiri amapunthwa ndi pachigawo choyamba. Mu PubMed muli mndandanda wa mitu wotchedwa MeSH, imene pepala lililonse la mu MEDLINE, gawo lalikulu la PubMed, limapatsidwa. Mutu wa "Chronic Disease" ulimo, ndipo munthu amaganiza kuti akausankha wakolola BP, shuga, asima ndi khunyu pamodzi. Ayi ndithu. Pepala la BP limaikidwa pansi pa "Hypertension", la shuga pansi pa "Diabetes Mellitus", ndipo nthawi zambiri silipatsidwa mutu wa "Chronic Disease" n'komwe. Choncho tchulani matenda aliwonse ndi dzina lake. Ndipo ngati a supavaiza angalole, sankhani awiri okha, BP ndi shuga, chifukwa onse a mgonagona simungawamalize chaka chimodzi.

Lowani pa tsamba la Advanced la PubMed, musake chigawo chilichonse pachokha. Choyamba chikhale chonchi:

"Hypertension"[Mesh] OR hypertens*[tiab] OR "high blood pressure"[tiab] OR "Diabetes Mellitus"[Mesh] OR diabet*[tiab]

Chachiwiri:

"Medication Adherence"[Mesh] OR "Patient Compliance"[Mesh] OR adheren*[tiab] OR complian*[tiab] OR default*[tiab]

Chachitatu:

"Africa South of the Sahara"[Mesh] OR Malawi*[tiab]

Kachizindikiro ka tiab kakutanthauza kuti mawuwo asakidwe m'mutu wa pepala ndi mu abstract. Musakasiye n'kudalira MeSH yokha, chifukwa mapepala ena a pa PubMed, makamaka ochokera m'majenalo amene sali mu MEDLINE, alibe mitu ya MeSH. Kanyenyezi kaja kamatola mawu onse oyamba chimodzimodzi, monga diabetes ndi diabetic. OR ndi AND azilembedwa ndi zilembo zazikulu. Mukatsikira pansi pa tsambalo mupeza History, pomwe kusaka kulikonse kwapatsidwa nambala. Lembani #1 AND #2 AND #3. Njira imeneyi imaposa kulumikiza zonse pamzere umodzi, chifukwa PubMed imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye bulaketi imodzi ikasowa zotsatira zimasokonekera inu osadziwa.

Za malo, musayambe ndi Malawi yokha. Mapepala a kuno pa nkhani imeneyi alipo koma si ambiri, ndipo literature review imafunikanso za ku Zambia, Tanzania, Uganda ndi South Africa. Mutu wa "Africa South of the Sahara" umatenga maiko onse ali pansi pake, Malawi ali momwemo. Akachuluka, pamenepo ndiye muchepetse ndi zaka, mwina khumi zapitazi.

Samalani ndi mafyuluta a kumanzere. Wa "Free full text" umaoneka ngati wachifundo, koma umabisa mapepala abwino amene mukanawapeza ulere kudzera njira ina. Komanso fyuluta ukauyatsa umakhalabe woyaka pa kusaka kotsatira mpaka mutauzimitsa. Anthu ambiri amene amati PubMed ilibe kanthu amakhala kuti anasiya fyuluta ya dzulo.

Njira inayo ndi Hinari, ndondomeko yopatsa maiko osauka mwayi wowerenga majenalo olipira, ya pansi pa Research4Life, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002. Malawi ali m'gulu la maiko olandira ulere, koma amalembetsa ndi sukulu kapena chipatala, osati munthu payekha. Pitani ku laibulale mukafunse za login yake. Mukafunsenso ngati sukulu yanu ili ndi CINAHL. Imeneyi ndi yolipira, imapezeka pa EBSCOhost, ndipo ndi yomwe ili ndi majenalo ambiri a unamwino, makamaka kafukufuku wa qualitative wokamba zimene odwala amanena okha. Koma musakopere mizere ya PubMed n'kuimata mu CINAHL, sigwira. Kumeneko mutu umalembedwa MH "Hypertension+", ndipo chizindikiro cha + ndicho chimatenga mitu ing'onoing'ono ya pansi pake. Mutu wa pepala ndi TI, abstract ndi AB. Mitu yake inanso mayina ake ndi osiyana ndi a MeSH, ndiye muyambe mwaifufuza pa CINAHL Subject Headings.

Cochrane Library, yomwe imasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woyesa njira zothandizira odwala, ndi yothandiza ngati mukufuna kudziwa njira zimene zinayesedwa, monga kukumbutsa odwala pa SMS. Pa funso la chifukwa chimene amasiyira mankhwala siikuthandizani kwambiri. Bola African Journals Online (AJOL) ndi African Index Medicus ya WHO, komwe kuli mapepala a mu Africa amene PubMed ilibe. Malawi Medical Journal ndi yaulere.

Pa za kuno, sakani mayina atatu awa mwapadera. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, wa dziko lonse la Malawi, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Palinso kafukufuku wa bungwe la MEIRU (Malawi Epidemiology and Intervention Research Unit) wa ku Karonga ndi ku Lilongwe, komanso mapepala a Integrated Chronic Care Clinic ya ku Neno, komwe odwala HIV, BP ndi shuga amaonedwa pa kiliniki imodzi. Mukapeza limodzi labwino, onani mapepala amene ilo latchula kumapeto, kenako dinani "Cited by" pa Google Scholar kuti muone amene analitchula pambuyo pake. Ndi njira yabwinonso yoyesera kusaka kwanu: ngati pepala limene mukudziwa kuti ndi loyenera silikutuluka pa #1 AND #2 AND #3, litseguleni, muone mawu amene lagwiritsa ntchito, muwawonjezere.

History ya PubMed imafufutika pakatha maola 8 osaigwiritsa ntchito. Tsegulani akaunti yaulere ya My NCBI musungemo kusaka kwanu, ndipo m'kope lembani tsiku, dzina la database, mzere weniweni umene munalemba ndi chiwerengero chimene chinatuluka. Manambala amenewo adzafunika pa methodology, ndiponso pa tchati cha PRISMA, choonetsa mmene munasankhira mapepala, ngati akufunsani. Mapepala enieniwo aponyeni mu Zotero, pulogalamu yosungira mapepala, yomwe ndi yaulere ndipo imaonetsa obwerezabwereza, chifukwa pepala limodzi limatha kutuluka pa PubMed, pa CINAHL ndi pa AJOL pomwe.