Magetsi akabwerera kompyuta siyiwona printa

Funso: Bambo, ndili ndi kashopu ka fotokope ku Limbe. Makompyuta awiri ndi printa zili pa Wi-Fi imodzi. Magetsi akazima n'kubweranso, kompyuta imalemba kuti printa ili offline, chonsecho yayaka bwinobwino. Kodi yafa?

Yankho: Ayi mayi, printa yanu ili moyo. Chimene chasuntha ndi adiresi yake.

Chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi manambala awiri. Yoyamba ndi MAC, ya zilembo ndi manambala 12, imene chimabwera nayo kuchokera kufakitale. Ili ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika. Yachiwiri ndi IP, adiresi ija, mwachitsanzo 192.168.8.105, ndipo iyi ndi yobwereka, ngati kapepala ka pamzere kuchipatala: lero ndinu wa 5, mawa wa 12. Wogawa timapepalati ndi rauta yanu, kabokosi kamene kamatulutsa Wi-Fi, mwa njira yotchedwa DHCP.

Kompyuta ikafuna kusindikiza, imafuula kwa onse amene ali pa Wi-Fi kuti, "Wa 105 ndani?" Mwini nambalayo yekha ndiye amayankha, n'kutchula MAC yake, kenako ntchito imapita kwa iye. Kufunsanaku amakutcha ARP. Tsono magetsi akazima, marauta ena amaiwala kuti anapatsa ndani nambala iti. Foni ya kasitomala ikalowa msanga imatha kutenga 105, printa n'kupatsidwa 108, pomwe kompyuta ikuitanabe 105. Zimandipweteka kwambiri kuona anthu akugula printa ina chifukwa cha zimenezi.

Chitani izi. Printa isindikize tsamba la netiweki yake, mupezapo MAC ndi IP. Pa burawuza lembani adiresi ya rauta, nthawi zambiri imakhala pa stika ya pansi pake (za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1). Tsamba la rauta likatseguka, pa gawo la DHCP funani polembedwa Address Reservation kapena Static IP, mumange MAC ya printa ku nambala imodzi. Mukatero ichotseni printayo pa makompyuta onse awiri n'kuiyikanso ndi nambala imeneyo. Ngati rauta yanu ilibe zimenezi, monga ti MiFi tina, lembani IP pa printa penipeni, koma ikhale kunja kwa manambala amene rauta imagawa, kuopa kuti awiri angalimbirane imodzi.

Mukaona IP ya printa ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti printa inapempha nambala rauta isanadzuke, n'kudzipatsa yokha. Izimitseni printayo, dikirani rauta ikhazikike mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako muiyatse.