Ndine dokotala wa mano: kodi kampani ingateteze nyumba yanga ku ngongole?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Randburg, mu mzinda wa Johannesburg. Iwo akuti: "Ndine dokotala wa mano, ndinaphunzira kuno ndipo ndili ndi chilolezo chokhala mu South Africa mpaka kalekale. Ine ndi mnzanga wa ntchito yomweyi tikufuna kutsegula malo athu ochiritsira mano. Mlamu wanga, amene ali ndi malole, akufuna kuikapo ndalama kuti akhale ndi masheya. Akuti tilembetse (Pty) Ltd kuti zinthu zikavuta angongole asadzandilande nyumba. Kodi ndi zoona?"

Mayi, mlamu wanu akunena zoona pa bizinesi ya malole, koma pa ntchito yanu nkhaniyi ndi ina. Lamulo la makampani la dziko lino, Companies Act 71 la chaka cha 2008, lili ndi mitundu ingapo ya makampani, ndipo iwiri ndiyo ikukukhudzani. Woyamba ndi (Pty) Ltd, umene ngongole zake zimakhala za kampaniyo, osati za eni masheya. Wachiwiri ndi personal liability company, umene dzina lake limatha ndi mawu akuti Inc. Mukaona zikwangwani za maloya ndi madokotala ku Rosebank kapena ku Sandton, mupeza kuti zambiri zili ndi mawu amenewa, ndipo sikuti anangowakonda. Bungwe loyang'anira madokotala la HPCSA, limene linakupatsani chiphaso, limalola dokotala kugwira ntchito payekha, mogwirizana ndi anzake, kapena kudzera mu Inc., koma (Pty) Ltd wamba saloledwa kuchiritsa odwala. Maloya nawo ali ndi chiletso chofanana ndi chimenechi pansi pa Legal Practice Act ya 2014.

Chimene muyenera kuchimvetsa bwino chili mu gawo 19(3) la lamulo la makampanili. Limanena kuti madairekitala a Inc., amene alipo ndi amene anachoka kale, ali ndi udindo wobweza, pamodzi ndi kampaniyo, ngongole zimene kampani inatenga pa nthawi imene iwo anali pa udindo. Wokongoza ali ndi ufulu wosankha mmodzi wa inu ndi kumulipiritsa ndalama zonse. Tiyerekeze kuti kampani yanu yagula mipando iwiri yochiritsira mano ndi makina a X-ray pangongole, yasainanso lendi ya zaka zisanu ya nyumba yogwiriramo ntchito, kenako mnzanu wasamukira kunja patatha chaka chimodzi. Mwini nyumba sadzavutika kumufunafuna pamene inu muli pafupi ndipo katundu wanu akuoneka. Kutula pansi udindo sikufafaniza ngongole zakalezo. Choncho nyumba imene mukuidera nkhawa siitetezedwa ndi Inc., ndipo ngati munakwatirana kuno popanda kulemba mgwirizano wolekanitsa chuma, katundu wa banja lonse amawerengedwa pamodzi, kotero kuti nkhaniyi ikukhudzanso bambo a kunyumba.

Ndiwonjezere kuti ngakhale eni (Pty) Ltd sagona tulo monga mmene anthu amaganizira, chifukwa mabanki ndi eni nyumba nthawi zambiri amauza mwini kampani yatsopano kuti asaine yekha kuti adzabweza kampani ikalephera. Mlamu wanu akayang'ana mapepala a ngongole ya malole ake, mwina apeza siginecha yake pamenepo.

Nanga phindu la Inc. ndi lotani? Kampaniyo imakhala ndi dzina lake, akaunti yake ku banki ndi mapangano ake, ndipo siitha mmodzi akachoka, pamene mgwirizano wamba wa anthu awiri umatha wina akamwalira kapena kutuluka. Dokotala wachitatu akafuna kulowa, amangogula masheya. Pa msonkho, kampani imalipira 27 peresenti ya phindu, ndipo mukagawana phindulo pamachokanso 20 peresenti, pamene msonkho wa munthu umakwera mpaka 45 peresenti. Mukawerengera bwino, phindu logawidwa lonse limadulidwa pafupifupi 41.6 peresenti, ndiye kupulumutsa kwenikweni kumaoneka pa ndalama zimene mwazisiya m'kampani kuti mugulire zipangizo. Musathamangire kuwerengera msonkho wotsika wa mabizinesi ang'onoang'ono, chifukwa bungwe lotolera msonkho la SARS siliupereka kwa kampani yodalira luso la eni ake pokhapokha italemba antchito okhazikika atatu kapena kuposerapo amene si abale a eni masheya.

Tsopano za mlamu wanu, ndipo pano ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi ovuta kuwanena pakhomo. Sangakhale ndi masheya, ngakhale amodzi. Eni masheya ndi madairekitala onse a kampani yochiritsa ayenera kukhala anthu olembetsedwa ku HPCSA, ndipo kugawana ndalama za odwala ndi munthu wopanda chiphaso n'koletsedwa. Amene angalangidwe ndi inuyo, chifukwa chiphaso ndi chanu. Ena amalemba dzina la dokotala papepala pamene mwini weniweni ndi wachibale, ndipo ine sindingakulangizeni zimenezo ngakhale pang'ono. Njira zoyera zilipo ziwiri. Akhoza kukubwerekani ndalama pa mgwirizano wolembedwa, wonena chiwongoladzanja ndi nthawi yobweza. Akhozanso kutsegula (Pty) Ltd yake, imene ingagule zipangizo ndi kukubwereketsani pa lendi, malinga lendiyo ndi yokhazikika, yogwirizana ndi mitengo ya pamsika, osati gawo la ndalama zimene odwala alipira. Njira yachiwiriyi ili ndi ubwino wina: zipangizo zodulazo sizikhala katundu wa Inc. yanu.

Kulembetsa kwenikweni kumachitikira ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo chikalata chokhazikitsa kampani, chimene amachitcha MOI, chiyenera kunena poyera kuti ndi personal liability company. Dzina likhale lanu kapena la nonse awiri, chifukwa malamulo a HPCSA salola mawu ngati hospital, clinic kapena institute pa dzina la malo otere. Mufunikanso nambala ya malo anu ochiritsira yochokera ku bungwe la BHF kuti ma medical aid, amene amalipirira odwala, azikulipirani, ndipo chaka chilichonse muzipereka lipoti ku CIPC pamodzi ndi mayina a eni enieni a kampani. Onetsetsani kuti nonse awiri munalembetsedwa m'gulu lololedwa kugwira ntchito paokha, popeza amene anaphunzira kunja, monga ku Malawi, nthawi zambiri amayamba ndi chilolezo chogwira m'zipatala za boma zokha.

Chitetezo chimene mukufunacho muchipeza kwina. Mukalakwitsa pochiritsa wodwala, mlandu ndi wanu, kaya kampani ndi yamtundu wanji, ndiye musaone wodwala ngakhale mmodzi musanagule inshuwalansi ya ntchito yanu, ndipo muone ndi maso anu kuti mnzanuyo walipiranso yake. Kenako pitani kwa loya mulembe mgwirizano wa eni masheya: ngongole yoposa ndalama zakutizakuti isainidwe ndi nonse awiri, wochoka agulitse masheya pa mtengo wowerengedwa motere, ndipo wina akamwalira kapena kulandidwa chiphaso masheya ake apite kwa dokotala wotsalayo, banja lake lilandire ndalama. Lendi ya zaka zisanu ija muisaine mgwirizanowu utatha kulembedwa.