Ankhoswe alipo, nanga sukulu ya uphungu wa mabanja ndi ya chiyani?

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti mwana wake wamkazi wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna kudzakhala katswiri wothandiza mabanja omwe akukangana. Mayiwo akudabwa: ankhoswe ndi abusa alipo kale, ndiye mwanayu adzadya chiyani?

Mayi, ankhoswe alipodi, ndipo ntchito yawo sindiipeputsa. Koma nkhoswe imakhala ndi mbali, ya kuchimuna kapena ya kuchikazi, ndipo mlandu ukatha pamadziwika wolakwa. Katswiri wa uphungu alibe m'bale pabwalopo. Saweruza, sanena za m'nyumba mwa anthu kunja, ndipo chimene amafufuza si amene anayamba, koma kavinidwe kamene awiriwa amabwerezabwereza: wina akamatsata ndi mafunso, mnzake amathawira kuntchito kapena kufoni, wotsatayo n'kukwiya kwambiri. Njira ya uphungu yotchedwa Emotionally Focused Therapy, yomwe Sue Johnson ndi Les Greenberg anayambitsa ku Canada m'ma 1980, inamangidwa pa kumasula msampha umenewu. Katswiri wina, John Gottman wa ku University of Washington, atawonera mabanja ambiri akukambirana, anapeza kuti kunyoza mnzako ndi chizindikiro cha kutha kwa banja choopsa kwambiri kuposa kukalipa.

Tsopano za sukulu. Uphungu wa mabanja si maphunziro oyambira. Ndi denga, maziko ayambe kaye. Mwana wanu akhoza kuchita digiri ya psychology ku University of Malawi ku Zomba, kapena social work, kapena kufunsira maphunziro a psychosocial counselling ku Saint John of God College of Health Sciences ku Mzuzu. Luso la mabanja limabwera pambuyo, pogwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri wamkulu amene amaunika naye nkhani iliyonse. Ku South Africa munthu amafunika digiri ya masters, chaka chophunzira pantchito, kenako kulembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo kumeneko, asanatchedwe psychologist (katswiri wa za maganizo). Ku London kuli bungwe la Tavistock Relationships, lomwe lakhala pa ntchito ya uphungu wa mabanja kuyambira 1948.

Za ndalama ndisakunamizeni. Amalawi amene angatulutse ndalama m'thumba kuti akakambe za banja lawo kwa mlendo akadali ochepa, ndiye poyamba malipiro adzachokera kuzipatala, kumabungwe kapena kusukulu. Ndipo bambo amene wakhala zaka 20 m'banja akamuona mtsikana wosakwatiwa, mumtima adzati “mwana wa dzulodzuloyu andiuza chiyani?” Nkwabwino ayambe ndi achinyamata kapena odwala, maso akhwime kaye.

Akamasankha kosi, afunse ngati amaphunzitsa kuzindikira nkhanza. Pamene pali kumenyana, kukhazika awiriwo m'chipinda chimodzi kumaika womenyedwayo pangozi, chifukwa zimene walankhula pamaso pa mlangizi amakazilipira kunyumba. Nkhani yotero imapita ku Victim Support Unit ya apolisi, pansi pa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo aliyense amaonedwa payekha.