Ndinasutapo chamba, kodi ndingapeze security clearance ku America?

Mmodzi wa owerenga, amene anabadwira ku Malawi koma tsopano ndi nzika ya America ndipo akukhala ku Maryland, chimodzi mwa zigawo za dzikolo zimene zili ndi maboma awoawo, wanditumizira imelo. Kampani ina yogwira ntchito ndi asilikali a dzikolo ikufuna kumulemba ntchito, koma ayenera kukhala ndi security clearance, chilolezo choonera zinsinsi za boma. Akuti: "Ndinkasuta chamba ndili ku koleji, komaliza ndi zaka ziwiri zapitazo. Ndilembe pa fomu, kapena ndingokhala chete poti kuno ndi chololedwa?"

Achimwene, lembani. Chamba cha kale sichitseka khomo pachokha, koma bodza limatseka.

Tiyambe ndi zoti "kuno ndi chololedwa". Zoonadi, Maryland inavomereza kusuta chamba mu 2023, kutsatira Colorado ndi Washington amene anayamba mu 2012. Koma chilolezo chimene mukufunachi chimachokera ku boma lalikulu, ndipo malamulo ake amaletsabe kusuta chamba chongosangalatsa. Zimene Maryland yavomereza, ofufuza mbiri yanu alibe nazo ntchito.

Fomu imene mudzaze ndi SF-86. Gawo 23 limafunsa ngati munagwiritsapo ntchito mankhwala ozunguza bongo m'zaka 7 zapitazi, ndiye zaka ziwiri zanuzo zili mkati ndithu. Ogamula amatsatira malangizo otchedwa SEAD 4, ndipo nkhani ya chamba ili pa Guideline H. Mu Disembala 2021, Avril Haines, yemwe panthawiyo anali mkulu wa mabungwe onse aukazitape, analemba kalata yofotokoza kuti kusuta kwa m'mbuyo kuganiziridwe, koma kusakhale kokhako kogamula mlandu. Amayang'ana munthu yense: munkasuta kangati, munasiya liti, anzanu osuta nawo aja mukuchezabe nawo kapena ayi. Mungathenso kusaina kalata yolonjeza kuti simudzakhudzanso, ndi kuvomera kuti mukaphwanya lonjezolo akulandeni chilolezo. Palibe amene angakutsimikizireni zotsatira, poti mabungwe ena aukazitape monga CIA ndi NSA amakhwimitsa kuposa anzawo, koma munthu amene anasiya zaka ziwiri zapitazo n'kunena zoona ali pabwino.

Mukabisa ndiye mwadziputira mlandu wina, wa Guideline E, wokhudza kukhulupirika kwanu, ndipo umenewu ndi wovuta kuufufuta. Ofufuza amakacheza ndi anthu amene munawatchula pa fomu, n'kuwafunsanso mayina a ena amene inu simunawatchule. Mnzanu wa ku koleji akangoti "eee, tinkasutira limodzi", zanu zada. Ntchito zina amakuyezaninso ndi makina a polygraph, oyesa kuona ngati mukunama. Kunama dala pa fomuyi ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika zaka 5 kundende. Boma limaopa chinthu chimodzi: munthu wobisa kanthu angathe kuopsezedwa ndi amene akudziwa chinsinsi chakecho mpaka kuulula za boma.

Kuyambira lero musakhudzenso, ngakhale timaswiti tija tosakaniza ndi chamba. Lamulo lotchedwa Bond Amendment limaletseratu kupereka chilolezo kwa amene akusutabe. Samalaninso ndi mafuta a CBD, ochokera ku mbewu ya chamba, poti ena amakhala ndi THC (mankhwala oledzeretsa a m'chamba) woposa 0.3 peresenti yololedwa, ndipo akayeza mkodzo zimaoneka. Ngati muli ndi masheya m'kampani yogulitsa chamba, amenewonso angabweretse mafunso.

Kunena zoona, kwa inu ndikuona kuti ofufuza adzakhalitsa kwambiri pa nkhani ya kumudzi kusiyana ndi ya chambayi. Konzeranitu mayina a makolo ndi abale amene ali ku Malawi, ndalama zimene mumatumiza, malo kapena nyumba ngati munagula, ndi masiku a maulendo anu onse obwera kuno.