Tifunseni za Makompyuta: Madisiketi ndi Makaseti Akale, Tingapulumutse Bwanji Zimene Zilimo?

Mwezi uno tasankha makalata asanu okhudza mapulogalamu ndi mafayilo amene akadali pa madisiketi ndi makaseti a zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ena tawafupikitsa.

Akonzi, mayi anga anali mlembi pa ofesi ya mpingo. Atamwalira tapeza katoni ya madisiketi ang'onoang'ono aja a mainchesi 3.5, ena olembedwa WordPerfect, ena Lotus. Ndinagula drive ya USB. Madisiketi atatu anatseguka, yachinayi inalira mokwecha, ndipo kuyambira pamenepo palibe imene ikuwerengeka. Kodi drive yafa? — Wowerenga wa ku Zomba

Pepani ndi imfa ya mayi. Drive yanu iyenera kuti ili moyo, yangoda hedi, kachipangizo kamene kamawerenga disiketi. Mkati mwa disiketi muli kambale kopyapyala ka pulasitiki kopakidwa ufa wachitsulo wogwira maginito, ndipo ufawo unamatidwa ndi guluu. Katoni ikagona m'chinyezi dzinja ndi dzinja, pakambalepo pamamera chuku, guluu nayenso amafooka. Kambale kamazungulira ka 300 pa miniti hedi ikukhudza, ndiye hedi imapala chukucho pamodzi ndi ufa. Kukwecha munamvako n'kumeneko. Hedi yakuda siwerenga, ndipo imakanda disiketi yabwino iliyonse imene mungalowetse pambuyo pake. Lekani kaye kuyesa.

Tsegulani chivundikiro cha drive, munyowetse kathonje kotokosera m'khutu ndi isopropyl wa 99 peresenti, mupukute mahedi onse awiri mopepuka. Hedi yam'mwamba ili pa kasipuling'i kofewa, musaikweze kwambiri. Dikirani maminiti asanu kuti iume. Sipiriti wamtundu uja wa m'magolosale ayi, amasiya utoto.

Kenako yang'anani disiketi iliyonse musanailowetse. Kankhani kachitseko kachitsulo, muzungulitse kambale ndi chala kuchokera kunsi, tochi mutaunikira chammbali. Madontho otuwa ndi chuku. Mizere yozungulira ndi zipsera za hedi, ndipo zimene zinali pamzerepo zinapita. Ya chuku ipukuteni ndi kathonje konyowa pang'ono, kuchokera pakati kupita kunja, n'kuzungulitsa pang'ono, n'kupukutanso, mpaka mutamaliza mbali zonse ziwiri. Thonje likatuluka lofiirira, ndiye kuti mukuchotsa ufa weniweniwo, imani pomwepo. Chuku chikachuluka chimakhalanso mu kansalu kamkati mwa chikhokhombe, choncho ndi bwino kutsegula chikhokhombecho ndi kusamutsira kambale mu china choyera.

Pakona pa disiketi pali kabatani kotsetsereka. Kankhani kuti bowo lioneke. Bowo likatseguka, drive silembapo kanthu, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa Windows nthawi zina imalemba pa disiketi osakufunsani.

Musayambe ndi kutsegula mafayilo mmodzimmodzi. Disiketi yofooka mwina ingolola kuwerengedwa kamodzi kokha, ndiye ulendo woyambawo mutenge zonse, sekitala ndi sekitala (tizigawo timene disiketi imasungiramo zinthu), zilowe mu fayilo imodzi yotchedwa imeji. Pa Windows pali WinImage. Pa Linux pali ddrescue, yomwe ife timaikonda chifukwa ikafika pamalo oonongeka imadumpha, n'kumaliza kaye pabwino, kenako n'kubwerera. Imeji ya disiketi ya 1.44 MB imakhala ya mabayiti 1,474,560, ya 720 KB imakhala 737,280. Mukapeza nambala ina, china chake sichinayende.

Mafayilo muwatulutse kuchokera mu imejiyo. LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imatsegula zolembedwa mu WordPerfect, Lotus 1-2-3 ndi dBase. Madisiketi a m'maofesi a nthawi imeneyo ambiri ali ndi mavairasi akale monga Stoned ndi Form. Antivairasi ikafuna kuyeretsa, ipatseni kope, imeji yoyamba isakhudzidwe.

Malume anabwera kuchokera ku Britain ndi makompyuta a Amiga 500 komanso Commodore 64. Makina onse sakuyaka koma madisiketi alipo. Ndikalowetsa a Amiga mu drive ya USB, Windows ikuti ndifomate. Kodi afufutika? — Mnyamata wa ku Ndirande

Achimwene, musadine batani lofomatalo. Madisiketiwo mwina ali bwinobwino, kungoti drive ya USB imadziwa kalembedwe ka PC kokha. Amiga inkaika 880 KB pa disiketi yomwe PC imaikapo 720 KB, chifukwa inkalemba mzere wonse wozungulira kambale nthawi imodzi, masekitala 11 opanda mipata pakati. Drive ya USB ikaona zimenezi imayesa disiketi yopanda kanthu. Drive ya Commodore 64, yotchedwa 1541, ili ndi kalembedwe kakenso: mizere 35 mbali imodzi, pafupifupi 170 KB, pa madisiketi aakulu a mainchesi 5.25.

Chofunika ndi kachipangizo kowerenga maginito enieniwo osayesa kumasulira. Kotchipa ndi kodziwika kwambiri ndi Greaseweazle, kopangidwa ndi Keir Fraser, ndipo pulogalamu yake ndi yaulere. Palinso KryoFlux ndi SuperCard Pro. Ntchito yake ndi kuyeza nthawi imene yadutsa pakati pa kutembenuka kwa maginito kulikonse ndi kotsatira, n'kulemba manambalawo. Kusiyana kwake ndi kukopera wamba kuli ngati kukopera kalata pamanja ndi kuijambula pa fotokope: fotokope imatenga ndi chidindo chomwe, ngakhale wojambulayo sadziwa chinenerocho. Apa ndi pamene pagona nkhani ya masewera. Makampani ankaika dala zolakwika pa disiketi, monga mzere wautali kuposa muyezo kapena malo owerengeka mosiyana nthawi iliyonse, kuti anthu asakopere. Masewera akayamba amafufuza zolakwikazo, akapanda kuzipeza amakana kuyenda. Kope wamba limazitaya, kope la maginito limazisunga.

Mufunika drive ya mkati mwa kompyuta yakale ya desikitopu, ndipo okonza makompyuta ambiri ali nazo pa mulu wa zakufa. Mufunikanso waya wathyathyathya wa mapini 34 wolumikizira drive ku Greaseweazle. Mzere wofiira wa wayayo upite pa pini 1 mbali zonse ziwiri. Mukautembenuza, kagetsi ka drive kamayaka osazima, ndipo disiketi ikakhalamo ikhoza kufufutika. Ndiye lumikizani drive ilibe kanthu, muyese kaye ndi disiketi yopanda ntchito. Drive ya 3.5 imafuna mavolti 5 okha. Ya 5.25 imafuna 5 ndi 12, choncho iyenera kukhala ndi pawa sapulaya yakeyake.

Kuwerenga, gwiritsani ntchito gw, pulogalamu ya Greaseweazle, lembani kuti:

gw read --revs=5 amiga001.scp

Zikatero mzere uliwonse uwerengedwa kasanu, kuti pamene ulendo umodzi walephera wina ukwanitse. Fayilo ya SCP imakula kufika mamegabayiti makumi angapo, koma musaifufute chifukwa cha kukula, ndiyo kope lenileni. Ikatha, tulutsani disiketi, ntchito yotsala ichitike pa fayilo:

gw convert --format=amiga.amigados amiga001.scp amiga001.adf

ADF yathunthu imakhala ya mabayiti 901,120, ndipo imayenda mu WinUAE kapena FS-UAE, mapulogalamu otsanzira Amiga. Amafuna fayilo ya Kickstart, pulogalamu yoyatsira Amiga, yomwe movomerezeka imapezeka mu Amiga Forever ya kampani ya Cloanto.

A Commodore 64 ali ndi misampha iwiri. Woyamba, drive ya PC ya 1.2 MB ili ndi mizere 80 yothinana, ndiye muyenera kuiuza kuti izilumpha mzere umodzi, apo ayi iwerenga mzere uliwonse kawiri. Wachiwiri, 1541 inali ndi hedi imodzi, ndipo anthu ankadula kampata kachiwiri m'mbali mwa disiketi kuti aziitembenuza n'kulemba kuseri. Drive ya PC imadalira kabowo kakang'ono kapafupi ndi pakati kuti idziwe poyambira mzere. Disiketi ikatembenuzidwa, kabowoko kamagwera mbali ina ndipo ma drive ambiri amakana. Ngati 1541 ya malume ilipo ndipo ikuzungulira, njira yapafupi ndi kachipangizo kotchedwa ZoomFloppy kamene kamailumikiza ku USB. Mupeza mafayilo a D64 a mabayiti 174,848, oyenda mu VICE, pulogalamu yotsanzira Commodore 64. Disiketi ya 5.25 imatetezedwa mosiyana ndi yaing'ono: mumamata kampata kam'mbali ndi tepi yosaonekera mkati.

Ngati kwanu magetsi amathimathima, ikani UPS, batire losunga magetsi akazima. Drive ikazima hedi ili pa kambale, pamatha kutsala chilema.

Ndili ndi makaseti a ZX Spectrum, ena ogula, ena ojambula kunyumba. Ndinawajambula pa foni n'kuwasandutsa MP3 koma akungoti Tape loading error. — Mphunzitsi wopuma, Chipata

Aphunzitsi, vuto ndi foni ndi MP3. Spectrum, kompyuta yomwe kampani ya Sinclair inatulutsa ku Britain mu 1982, inkasunga mapulogalamu pa kaseti ngati mawu, ndipo imasiyanitsa 0 ndi 1 poyeza kutalika kwa kaliwu, ndipo ka 1 n'kotalika kawiri kuposa ka 0. MP3 imataya mbali ya phokoso imene khutu silingazindikire, ndipo potero imasokoneza malire a timaliwuto. Maikolofoni ya foni imawonjezeranso phokoso la m'chipinda.

Pezani wailesi ya kaseti ya lamba wabwino. Lamba wotha amachititsa liwiro kukwera ndi kutsika. Pukutani hedi ndi kagudumu ka labala ndi isopropyl. Yang'anani pakamwa pa kaseti: kuseri kwa tepi payenera kukhala kasiponji kakang'ono kokankhira tepi ku hedi. Kakagwa, liwu limafooka, ndiye masulani tisikuluwu musamutsire tepi m'chikhokhombe china. Thyolani timano tiwiri takumbuyo kuti musajambulepo mwangozi, kenako thamangitsani tepi mpaka kumapeto ndi kuibwezanso kuti imasuke.

Lumikizani wailesi ndi waya ku line-in ya kompyuta, osati pa maikolofoni. Mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, sankhani WAV, 44,100 Hz, 16 bit, sitiriyo. Zimadya pafupifupi 10 MB pa miniti. Ngati wailesi ili ndi batani la Dolby, lochepetsera phokoso, lizimitseni. Voliyumu ikhale yoti nsonga za mafunde zizifika cha pa -6 dB, osagunda pamwamba. Tikuti sitiriyo chifukwa nthawi zambiri mbali imodzi imakhala yoyera kuposa inzake, ndipo mudzasankha yabwinoyo.

Chimene ambiri sachidziwa ndi kasikuluwu kapambali pa hedi, kamene kamaipendeketsa. Tepi iliyonse inajambulidwa ndi hedi yopendekeka mwanjira yake, makamaka za kunyumba. Tepi ikuyenda, potozani kasikuluwuko pang'onopang'ono, osapitirira kota, mukumvetsera. Pamene liwu lathwa kwambiri, losamveka ngati lafundidwa bulangeti, imani. Izi zokha zimapulumutsa makaseti ambiri amene anthu amati anafa.

WAV isandutseni TZX, fayilo ya kaseti ya Spectrum, ndi MakeTZX kapena audio2tape, muyese mu Fuse, pulogalamu yotsanzira Spectrum. WAV yoyamba isungeni. Makaseti ogula ambiri ali ndi pulogalamu yomweyo mbali zonse, ndiye mbali A ikakana yesani B. Koma ife tikadayamba ndi ojambula kunyumbawo. Masewera ogula pafupifupi onse otchuka anasungidwa kale pa webusaiti ya Spectrum Computing. Pulogalamu ya BASIC imene munthu analemba yekha yowerengera malikisi a ana ilibe kope kwina kulikonse.

Kodi ndingoyatsa kompyuta yakaleyo ndione ngati ikugwira? — Wowerenga wa ku Mzuzu

Musanayeze, ayi. Adaputa ya Commodore 64 ikakalamba imakweza mavolti 5 n'kuotcha tizipangizo ta memore. Iyezeni ndi mita isanalumikizidwe, ndipo ikapitirira 5.2 isiyeni. Spectrum imafuna mavolti 9, koma negetivi ili pakati pa pulagi, mosiyana ndi maadaputa ambiri a masiku ano. Mu kompyuta ya BBC Micro muli makapasita a RIFA amene akakalamba amang'aluka n'kutulutsa utsi, asintheni kaye. Mu Amiga 500 Plus, komanso pa khadi la memore la A501, muli batire lomata pa bolodi limene limatuluka madzi n'kudya mizere ya kopa, lidulenimo lero lomwe. Makina ochokera ku America ndi a mavolti 120 pamene kuno ndi 230. Ndipo poyesa koyamba musalowetse disiketi imene simunaikopere.

Ndamaliza kukopera. Ndisunge pa fulashi n'kutaya madisiketiwo? Nanga ndingaike pa intaneti? — Mayi wa ku Johannesburg

Mayi, fulashi yokha siyokwanira. Ikakhala zaka osalumikizidwa imatha kutaya zimene zilimo, ndiponso imasowa msanga. Sungani makope atatu: pa kompyuta, pa hadi disiki yapadera, ndi lina kunja kwa nyumba yanu, kaya pa intaneti kaya kwa m'bale. Fayilo iliyonse ipatseni chizindikiro cha SHA-256, nambala yowerengedwa kuchokera ku zimene zili mu fayiloyo. Pa Windows lamulo lake ndi certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Chaka chilichonse bwerezani, ndipo nambala ikasintha dziwani kuti kopelo lavunda, mulilowetse m'malo ndi lina.

Disiketi iliyonse ikhale ndi nambala yofanana ndi ya fayilo yake. Jambulani lebulo, chikuto ndi kabuku ka malangizo pa sikana pa 600 dpi. Kabukuko si kokongoletsa chabe: masewera ena amafunsa liwu la pa tsamba lakuti, mzere wakuti, asanayambe. Lembaninso mu fayilo ya mawu wamba tsiku, drive imene munagwiritsa ntchito ndi mizere imene inakanika.

Madisiketi musataye, chifukwa zida zowerengera zikupitabe patsogolo ndipo imene yakana lero ikhoza kudzawerengeka. Aimikeni chilili m'bokosi lotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel, kutali ndi masipika ndi mamota. Amakonda madigiri 18 mpaka 20 Celsius ndi mpweya wouma. Panyumba ndiye kuti chipinda chozizira chamkati, pa shelefu, osati pasimenti kapena m'siling'i kunsi kwa malata.

Za intaneti, malo amene ambiri amaikako ndi Internet Archive, yomwe inayamba mu 1996. Koma kukalamba kwa pulogalamu sikuchotsa umwini wa amene anailemba, ngakhale kampaniyo inatha. Ngati inalembedwa ndi munthu wodziwika kwa inu, pemphani chilolezo cholemba kwa iye kapena abale ake, ndipo ku Malawi za umwini mungafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso. Imeji imatenga zonse, kuphatikizapo mafayilo amene anafufutidwa koma akadali pa kambale. Disiketi ya ku ofesi, kusukulu kapena kuchipatala ikhoza kukhala ndi maina, malipiro ndi matenda a anthu, ndiye yoteroyo ifufuzeni sekitala ndi sekitala musanaipereke kwa aliyense.