Mwana amene amangoyankha kuti "eya"

Bambo wina amene amagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, m'dziko la Mozambique, wandilembera imelo. Banja lawo lili ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo amapita kumudzi kamodzi pa mwezi. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 9 amangoyankha kuti "eya" kapena "ayi", chonsecho iwo amamupempherera m'mawa uliwonse ndipo ndalama amatumiza pa M-Pesa osaphonya. Akufunsa ngati pemphero lawo likuperewera.

Bambo, pemphero lanu musalikayikire, koma taonani zimene mumachita mukagwada: foni mumayiika patali, pakamwa mumatseka kwa kanthawi, ndipo simumuikira Mulungu nthawi yoti ayankhe. Mtima wodikira womwewo ndi umene mwana wanu akuusowa kwa inu.

Nkhani ya Eli m'buku la 1 Samueli imandigwira mtima pa zimenezi. M'mutu 1, wansembeyu anaona Hana akugwedeza milomo popanda mawu, ndipo anamuyesa woledzera, pamene mayiyo ankalirira mwana pamaso pa Yehova. M'mutu 3, mnyamata Samueli anathamangira kwa Eli usiku, koma kawiri konse anabwezedwa kukagona, ndipo pa ulendo wachitatu m'pamene Eli anazindikira kuti Yehova ndiye akuitana mwanayo. Ngati munthu wokhala m'nyumba ya Mulungu anachedwa chotere kumvetsa, nafenso makolo tingathe kuona mwana wachete n'kumutcha wamwano.

Kwathu kuno vuto limakula chifukwa timaphunzitsa ana kugwada ndi kuzolika pamaso pa akulu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma nthawi zina umabisa mantha kapena kusowa bambo, ndipo kholo lotopa ndi ulendo silisiyanitsa.

Choncho mukatsika chapa (minibasi) mwezi uno, mafunso a mayeso ayambe adikira. Mutengeni mnyamatayo mupite naye kudimba la mbatata ya kachewere, mugwire ntchito moyandikana, popeza ana ambiri amamasuka manja akakhala otanganidwa ndipo palibe amene akuwayang'ana m'maso. Akakuonetsani galimoto yake yamawaya, njutani, muigwire, mumufunse mmene anapindira chiwongolero. Akayamba nkhani n'kuima pakati, musamumalizire mawu ndipo musathamangire kulangiza. Mwina ulendo woyamba sanena kanthu, ndipo zidzakupwetekani, koma madzulo a tsiku lomwelo khalani nayenso pamoto, ndipo popemphera mutchule dzina lake iye akumva.